Skokiaan: kambale kakale koma kamavinitsabe

Abale anzanga a mumsika, masiku ano nyimbo zatchipa kuposa tomato. Mnyamata wa pakona akuthirira nyimbo 500 m'kamemori kadi pamtengo wa mandasi, koma ukamufunsa woimba, ayi ndithu sadziwa. Ine ndili ndi mbale imodzi yokha ya galamafoni, yakuda bii, yolemera, ndipo sindingasinthanitse ndi belo la kaunjika.

Mbaleyi ndi ya nyimbo ya Skokiaan. Anabwera nayo ndi malume anga, mtchona amene anatha zaka zambiri ku Bulawayo. Amalawi ochuluka a nthawi imeneyo pobwera kumudzi ankanyamula njinga, bulangete, sutikesi ndi galamafoni. Zina zonsezo zinatha, yatsala ndi mbaleyi basi.

Galamafoni safuna magetsi kapena mabatire, ndiye za kuzima kwa magetsi sizimukhudza. Umapukusa chogwirira cha m'mbali mpaka sipuling'i italimba, n'kuika singano yachitsulo pambale. Mbaleyo imazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi imatha pa mphindi zitatu zokha. Ukachita ulesi popukusa, nyimbo imayamba kukoka mawu ngati chidakwa chakumadzulo.

Poyamba umamva phokoso lokhala ngati chiwaya cha tchipisi, tsiiii. Kenako lipenga la sakisofoni limatulukira, likukwera n'kutsika ngati munthu woseka chikhakhali. Banjo ili pambuyo kukankha, ng'oma ikugunda mosapupuluma. Ndanena lipenga loseka, ndipo sindikukokomeza: ngakhale mayi anga aakulu amene amadandaula nyamakazi amagwedeza phewa.

Mwini lipengalo ndi August Musarurwa, yemwe ankatsogolera gulu loimba la ogwira ntchito ku Cold Storage Commission ku Bulawayo, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Southern Rhodesia. Nyimboyi inatuluka pa mbale za Gallotone nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1954 inawoloka nyanja n'kugunda ku America, mpaka katswiri wa lipenga Louis Armstrong anaijambulanso chaka chomwecho. Armstrong atabwera ku Rhodesia mu 1960 anakumana ndi Musarurwa maso ndi maso. Taganizani, nyimbo ya m'komboni!

Nanga dzinalo? Skokiaan unali mowa waukali wofulula mobisa, m'bale wake wa kachasu. Atsamunda ankafuna kuti munthu wakuda azimwera kuholo ya mowa ya khonsolo kuti ndalama zizilowa kwa iwo. Amayi ofuna kudyetsa ana ankafulula usiku, kukwirira zigubu pansi, khutu lili kwa apolisi. Inu amene munathawapo ndi dengu la malonda pamutu mukudziwa mmene mtima umagundira. Apa ndi pamene nyimboyi imandigwira mtima. Anthu ankhawa chotere, okhala mothinana, oyenda ndi chitupa, anapeza mphamvu yovina. Chisangalalo chili m'kambaleka sichinali chaulere ayi, anachilipira.

Vuto ndi lakuti mbalezi zikutha. Anazipanga ndi utomoni wouma wotchedwa shellac, ndipo ikagwa pansi imasweka ngati mbale yadothi. Ikakhala padzuwa imapindika. Singano yobuntha imadya mizere ya nyimbo, n'chifukwa chake akale ankasintha singano pafupipafupi. Ndaonapo ana akuponyerana mbale zotere ngati zoseweretsa, ndi galamafoni yathunthu itagulitsidwa kwa ogula zitsulo pa sikelo. Mtima unandiwawa.

Tsono inu ogula ndi kugulitsa katundu wakale, mukapeza mbale zotere m'katoni, musazitaye kudzala. Zipukuteni ndi kansalu kofewa, muziimike chilili pamthunzi, musazisanjikize pansi pa katundu wolemera. Funsani akuluakulu kwanu kuti anabwera nazo ndani, kuchokera kuti, chaka chanji. Mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo nyimbo zawo n'chimodzimodzi. Ikasweka mbale ija, palibe fakitale imene ingakuumbireni ina yofanana nayo.