Ulendo wa ku Nyika ndi Vwaza umayambira pa kaunjika

Boma la Rumphi lili ndi nyengo ziwiri pa tsiku limodzi. Pa boma penipeni ndi m'chigwa, masana dzuwa limaswa mtengo moti munthu amafuna mthunzi. Koma mukakwera galimoto n'kudutsa pa Bolero, kulowa pa chipata cha Thazima chomwe chili makilomita pafupifupi 55 kuchokera pa boma, n'kuyendanso ena 60 mpaka pa Chelinda, mumafika kumalo komwe moto ndi bulangete zimafunika chaka chonse. Chelinda ali pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, ndipo phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600. Miyezi ya June ndi July, m'mawa udzu umayera ndi chisanu.

Amalawi ambiri masiku ano ayamba kukonda kukaona malo amenewa: ana asukulu, magulu a kumpingo, anthu apantchito pa tchuthi. Ambiri mwa ife zovala za ulendo wotere sitigula m'sitolo zikuluzikulu ayi, timakasankha pa kaunjika ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena pamsika wa Rumphi pomwepo. Belo likatsekulidwa mumatuluka majekete amitundu iwiri. Ena ndi a alenje a ku America ndi ku Ulaya, amawangamawanga ngati masamba ndi makungwa, olembedwa maina monga Realtree, Mossy Oak kapena Cabela's. Ena ndi a anthu okwera mapiri ndi oyenda m'tchire, monga Columbia, The North Face, Quechua ndi K-Way ya ku South Africa. Onse amaoneka olimba, ndipo wogulitsa amakuuzani kuti onse ndi a mphepo. Funso n'lakuti, kodi ku Rumphi woyenera ndi uti?

Choyamba tidziwe chimene aliyense anasokeredwa. Mlenje wa kunja amakhala malo amodzi maola ambiri osagwedezeka, kudikira nyama m'nyengo yozizira. N'chifukwa chake chovala chake chimakhala chochindikala, cholemera, chansalu yosakhuluza ikakhudza nthambi, cha matumba ambiri komanso chamtundu womubisa. Wokwera phiri iye amayenda tsiku lonse katundu ali kumsana. Thupi lake limatentha pokwera chitunda, limazizira akapuma. Chovala chake chimakhala chopepuka, chouma msanga, chotheka kuvula n'kupinda m'chikwama, ndipo nthawi zambiri chimakhala chofiira, chachikasu kapena chabuluu kuti anzake amuonere patali.

Tsono tiyang'ane Nyika. Malowa anakhazikitsidwa kukhala paki m'chaka cha 1965, anakulitsidwa mu 1978, ndipo ndi aakulu kuposa mapaki onse m'dziko muno, makilomita oposa 3,000 m'litali ndi m'lifupi mukachulukitsa. Pamwamba pake si nkhalango yowirira ayi, koma zitunda za udzu waufupi zotsatizana mpaka komwe maso alekezera, nkhalango zing'onozing'ono zili m'makwawa. Mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zimadya poyera. Munthu woyenda pamenepa alibe pobisala, ndipo safunikanso kubisala, chifukwa nyamazi zimaoneka bwinobwino uli patali. Jekete yamasamba yomwe inapangidwira nkhalango za ku America pano ilibe ntchito.

Chimene chimaopsa ku Nyika ndi nkhungu ndi mphepo. Nkhungu imatha kutsika mwadzidzidzi n'kuphimba zitunda, ndipo popeza zitundazo n'zofanana, kusokera n'kosavuta. Munthu wasiyana ndi anzake atavala zofanana ndi udzu, omufunafuna akhoza kumudutsa pafupi osamuona. Apa jekete yofiira kapena yaolenji ikhoza kupulumutsa moyo. Ngakhale alenje a ku America amadziwa zimenezi: m'madera ambiri kwawoko lamulo limawakakamiza kuvala chovala chaolenji pamwamba pa zamawangamawanga kuti alenje anzawo asawaombere. Mukachipeza chovala chimenechi pa kaunjika, chitengeni, n'chopepuka ndipo chimakwana m'thumba.

Amene akufuna kuyenda wapansi kuchokera pa Chelinda kutsikira ku Livingstonia, ulendo wa masiku atatu wogona m'mahema, aganizirenso za kulemera. Mumanyamuka m'mawa mano akugwedezeka, koma pofika kumunsi, kuminda ya khofi ndi nthochi ya ku Phoka, thukuta limakhala kamukamu. Chijekete chimodzi chochindikala chimasanduka mtolo. Nzeru ndiyo kuvala zopyapyala zingapo: mkati malaya a polyester kapena a ubweya wa nkhosa, pakati juzi, pamwamba jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Kukatentha mumavula chimodzi, kukazizira mumabwezera. Jinzi ndi malaya a thonje zisiyeni kunyumba. Thonje limamwa thukuta ndi mame, limachedwa kuuma, ndipo mphepo ikawomba pansalu yonyowa thupi limazizira mofulumira kwambiri. Pa ntchito imeneyi zovala za okwera mapiri ndiye mwini wake.

Koma nkhani imatembenuka mukatsikira ku Vwaza Marsh, kumadzulo kwa bomali, m'malire ndi Zambia. Kumeneku n'kotsika, n'kotentha, kuli mitengo ya tsanya ndi miombo, ndipo pa nyanja ya Kazuni njovu, mvuu ndi njati zimabwera pafupi ndi malo ogona alendo. Kulinso akashembe, ntchentche zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera, ndipo Rumphi ndi limodzi mwa maboma omwe matendawa amapezeka kwambiri m'Malawi muno. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda. Nsalu zija mumaziona zitapachikidwa m'tchire ngati mbendera, zabuluu ndi zakuda, ndi misampha yopopera mankhwala yophera akashembe. Ndiye taganizani, munthu wagula jekete yokongola yabuluu ya kumapiri, wavala thalauza yakuda, n'kukalowa nazo ku Vwaza: wadzisandutsa yekha msampha woyenda.

Kumeneku maganizo a mlenje ndiwo amagwira ntchito. Pamafunika malaya a manja aatali ndi thalauza yakhaki, yotuwa kapena yobiriwira mozimirira, nsalu yake yokhuthalako, chifukwa kashembe amaluma n'kuboola nsalu yopyapyala. Makampani opanga zovala za alenje amasokanso malaya ndi mathalauza a mtundu umodzi opanda mawanga, olimba pa minga ndi pa chitedze, ndipo amenewa ndi abwino kwambiri ku Vwaza. Mukabwerako n'kuyamba kumva mutu, kutentha thupi kapena kuona chotupa pomwe munalumidwa, musangoti ndi malungo. Pitani kuchipatala msanga ndipo mukawauze adokotala kuti munali ku Vwaza. Kaodzera wa kuno amapha munthu akachedwa kulandira thandizo.

Pali chifukwa china chachikulu chopewera zamawangamawanga. M'mapaki a dziko lino kusaka nyama n'koletsedwa, ndipo lamulo la zanyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango chachikulu chinafika zaka 30 m'ndende. Alonda a ku Nyika ndi Vwaza amayenda ndi mfuti usana ndi usiku kulimbana ndi opha nyama mozembera, otchera mawaya ndi okumba chinaka, maluwa a m'nthaka aja omwe mizu yake amapangira chikande. Mu 2023 boma linasainirana mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation woyendetsera limodzi malo awiriwa. Mlonda akaona patali munthu wovala zobisalira pafupi ndi malire a paki, adzaganiza chiyani? Mlendo wabwino samupatsa mlonda ntchito yolota. Kuonjezera apo, asilikali a Malawi Defence Force akhala akuchenjeza anthu wamba kuti asamavale zofanana ndi yunifolomu yawo. Wapolisi wa pa rodibuloko sadzakhala ndi nthawi yosiyanitsa mawanga a mlenje wa ku Texas ndi a msilikali.

Nanga dzina la kampani? Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Majekete ambiri olembedwa maina otchuka m'misika yathu ndi achinyengo, ndipo ngakhale enieni amafika atatopa. Musanapereke ndalama, tembenuzani jekete muone misoko: yotchinga mvula yeniyeni imakhala ndi timalamba tomatira pamsoko uliwonse. Ngati mkati mukusupuka tizidutswa toyera, ndiye kuti yatha, madzi adzalowa. Kokani zipi kangapo. Thirani madontho a madzi pamkono muone ngati akugubuduka kapena akulowa. Pa nsapato, pindani chidendene ndi kuphazi, chifukwa jombo zokhalitsa m'belo zimamatuka tsiku loyamba. Jombo za alenje zazitali zofunda mkati n'zabwino kwa mlonda wochezera usiku pa Chelinda, koma woyenda makilomita 15 pa tsiku zimamutulutsa matuza. Gulani zokwana bwino mutavala sokosi zokhuthala, ndipo muziyende nazo kunyumba sabata ziwiri ulendo usanafike.

Anthu a ku Hewe, Mwazisi, Nchenachena ndi Phoka akhala akuyenda m'mapiri amenewa kuyambira kale opanda dzina lililonse pachifuwa, ndipo safunsa anadya phula: mukafika, afunseni iwo ndi alonda za nyengo ya mwezi umenewo. Koma ngati thumba likulola zinthu zochepa chabe, gulani izi: thalauza ndi malaya akhaki opanda mawanga, juzi yofunda, jekete yopepuka yotchinga mvula yamtundu wowala, chipewa chophimba makutu ndi nsapato zolimba. Ku Nyika jekete yowala ikhale pamwamba. Ku Vwaza ilowe m'chikwama, khaki atsale panja. Yamasamba ija isiyireni wogulitsa.