Mchona wa m'Buku la Ansembe

Kwathu kunsi kwa mapiri a Dedza, cha ku Mtakataka, mawu oti mchona si chipongwe ndiponso si ulemu. Ndi dzina la munthu amene sitinganene kuti ali moyo, sitinganenenso kuti anatisiya. Womwalira timamulira, timamuika, timameta maliro, chaka chikatha timafulula mowa womukumbukira. Mchona alibe zonsezi. Mkazi wake sadziwa ngati ndi namfedwa, ana ake sadziwa ngati ndi amasiye. Bambo awo a agogo anga aakazi anali mchona wotere.

Zimene banja lathu linkadziwa za iwo zikanakwana m'chikhatho chimodzi. Anabatizidwa ku mishoni ya Mua ali mnyamata. Analowa chikamwini m'mudzi mwathu, m'banja limene amuna ake anali a kudambwe osati a kutchalitchi. Ananyamuka agogo akukwawa, pa selefu, osadzera kwa Wenela. Patapita zaka zingapo munthu wina wobwerera anabwera ndi bulangete limodzi, nati anawaona ku Thekwini, kumadzi, akuphika m'nyumba ya mzungu. Kuchokera pamenepo kunangoti zii.

Sanali okha. Komiti imene boma la Nyasaland linakhazikitsa mu 1935, motsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti anthu pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi a amuna akuluakulu onse. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama sizinkamera m'munda wa mapira. Kuyambira mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba ntchito anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1930. Choncho ambiri ankadziyendera okha: kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, kugwira maganyu ku Salisbury, kenako kuzemba kuwoloka Limpopo. Wolowa motere sankafuna kuti boma limudziwe. Ena ankatenga dzina la Chizulu kuti apolisi asawabweze. Nanga munthu amene anabisala dala kwa olemba, mdzukulutuvi wake akamufune m'mapepala ati?

Pamene ndinapeza ntchito ku Durban, agogo anati, "Ukupita kumadzi kuja? Ukawafunseko bambo anga." Ananena akuseka, koma munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi saseka nkhani yotere pachabe. Kwathu boma silikanandithandiza. Lamulo lakale la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira silinkakakamiza anthu akuda. Lamulo lokhudza aliyense linadza mu 2010, ndipo ziphaso za unzika tinayamba kulandira mu 2017. Mlimi wobadwa nkhondo yoyamba isanayambe analibe pepala lililonse la boma, kupatula mwina chiphaso cha msonkho chimene chiswe chinadya kalekale.

Njira ndinaiphunzira kwa mnzanga wa kuntchito, mayi wachizungu amene agogo ake anali mmodzi mwa ana 500 a ku Poland amene anafika ku Oudtshoorn mu 1943 atapulumuka ku Soviet Union. Iye anali atatsata kholo lake lina, mlimi wamba wosadziwa kulemba, mpaka kufika m'zaka zimene alimi a kumeneko ankalimira mwini malo masiku angapo pa sabata popanda malipiro. Nditamva ndinati, "Ameneyo ndi thangata." Anandionetsa zithunzi za mabuku a parishi ya kwawo. Akale anali m'Chilatini, ndipo pambali pa dzina la mlimi ankalemba mawu oti laboriosus, kutanthauza wa ntchito yakalavulagaga. Otsatira anali m'Chipolishi, ndipo kuyambira mu 1868, m'chigawo chimene Russia inkalamulira, anali m'Chirasha. Pansi pa mbiri iliyonse wansembe ankalemba kuti wasaina yekha popeza bambo wa mwana ndi mboni sadziwa kulemba.

Mnzangayo anandiuza kuti munthu wosauka sasiya makalata, koma amabatizidwa, amakwatira, amabatizitsa ana, pomaliza amaikidwa m'manda, ndipo kuyambira pa msonkhano wa ku Trent mu 1563 Mpingo wa Katolika unalamula maparishi kusunga mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Kenako anandiuza chinthu chimene chinatsegula zonse. Mu 1907 Papa Pius X anavomereza lamulo lotchedwa Ne Temere, limene linayamba kugwira ntchito pa Pasaka wa 1908. Lamuloli linati Mkatolika akakwatira, wansembe womangitsa ukwati atumize uthenga ku parishi imene munthuyo anabatizidwira, kuti akaulembe pambali pa dzina lake m'buku la ubatizo. "Usayambire kuno," anatero. "Yambira kumene anabatizidwa, ndipo uyang'ane danga lomaliza."

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita ku Mua. Abambo Oyera anafika pamenepa mu 1902, ndipo munthu wamkulu ankakhala m'kalasi zaka zinayi asanabatizidwe. Mabuku awo ali ndi madanga olembedwa m'Chilatini: nambala, tsiku, dzina, mudzi, bambo, mayi, mboni ya ubatizo, wansembe. Dzina lokha silikanandifikitsa patali, chifukwa anyamata obatizidwa tsiku limodzi ankatenga maina a oyera mtima omwewo, ndipo a Phiri kwathu ali ngati mchenga. Chimene chinathandiza ndi chimene Mchewa saiwala: mudzi wa amayi. Agogo sanawaonepo bambo awo ndi maso ozindikira, koma ankadziwa dzina la mayi amene anabereka bambowo, ndi mudzi wawo. Ndi zimenezi tinawapeza m'buku la m'zaka za m'ma 1920.

Danga lomaliza silinali lopanda kanthu. Munali mizere iwiri ya inki ina, dzanja lina: anakwatira ku Durban, Natal, nkhondo yachiwiri ili mkati, m'parishi yakutiyakuti, ndi mkazi wa dzina la Chizulu.

Ndinakhala chete nthawi yaitali. Uthenga woti munthuyu ali moyo unachoka ku Durban, unawoloka mitsinje yonse imene iye anawoloka, nufika mtunda wa maola awiri wapansi kuchokera pamene amayi awo a agogo ankasinja. Palibe amene anaubisa. Wolandira kalatayo analibe njira yodziwira kuti pali mkazi woti auzidwe, chifukwa m'bukumo mkaziyo munalibe. Lamulo lomwe lija la Ne Temere linkati ukwati wa Mkatolika ndi woona pokhapokha utamangidwa pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Ukwati wa m'mudzi mwathu unali ndi ankhoswe mbali zonse, unali ndi nyumba, nkhokwe ndi mwana, koma pa malamulo a mpingo mwamunayo anali mbeta. Buku limene linandipezera kholo langa ndi lomwelo limene silikutidziwa ife. Mnzanga wa ku Poland sanakumane ndi zotere, popeza kwawo mudzi wonse unali m'buku limodzi. Kwathu buku linkadula mudzi pakati, obatizidwa mkati, a kudambwe kunja.

Nditabwerera ku Durban ndinapita ku parishi ija ndi kalata ya bambo mfumu a kwathu. Mlembi wa parishi ananditulutsira buku la maukwati. Dzina la ubatizo linali lomwe lija, koma chiwongo chinali cha Chizulu, ndipo pambali pake, mwa zilembo zazing'ono, panali Phiri. Kwa boma anali Mzulu. Kwa wansembe sakanatha kubisala, chifukwa ukwati unkafuna umboni wa ubatizo, ndipo umboniwo unali ku Mua. Pa danga la kobadwira analemba Nyasaland. Mboni imodzi inali ndi dzina limene aliyense wa kwathu angalizindikire kuti ndi la ku Nkhata Bay. Ndiye kuti anali ndi anzake olankhula nawo za kumudzi.

Mkwatibwi anaika kamtanda. Mkwati anasaina yekha, zilembo zozungulira bwino za munthu amene anaphunzira pa sileti ya sukulu ya mishoni. Aka kanali koyamba kuti munthu wa m'banja mwathu aone dzanja lawo. Ndinasangalala kwa kanthawi, kenako mtima unagwa. Moyo wawo wonse agogo ankawakhululukira bambo awo ponena kuti mwina sankadziwa kulemba kalata. Ankadziwa.

Buku la ubatizo linandipatsa ana atatu, ndipo danga la kokhala linandionetsa mmene banjalo linkasamukira. Pa mwana woyamba analemba msewu wa ku Berea, kumene antchito ankagona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za azungu. Pa awiri otsatira analemba Cato Manor, kumene eni ake amati Umkhumbane, mudzi wa zisakasa wa anthu amene mzinda unkafuna manja awo koma osafuna kuwapatsa pogona. Anali komweko mu January 1949, pamene chipolowe cha pakati pa anthu akuda ndi amwenye chinapha anthu 142, chaka chomwe kwathu kunagwa njala. Buku la maliro linawatsekera nkhani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950: analandira masakramenti, anaikidwa, zaka zawo anangoziyerekeza. Posakhalitsa boma linayamba kugwetsa Umkhumbane ndi kusamutsira anthu ku KwaMashu ndi ku Umlazi, motsatira lamulo la 1950 logawa malo okhala potengera khungu.

Koma chimene chinandiimitsa ndi mwana woyamba uja. Anali wamkazi. Pambuyo pa dzina lake la ubatizo panali dzina lachiwiri, la Chichewa, lokhalokha pakati pa maina a Chizulu odzaza tsamba lonse. Linali dzina la agogo anga.

Mabuku anathera pamenepo. Zotsala anandithandiza ndi amayi a bungwe la St Anne, aja ovala zofiirira, amene amadziwa banja lililonse la m'parishi kuposa kaundula. Gogo wina anakumbukira kuti ana a iNyasa lija anapita ku KwaMashu, ndipo patatha milungu itatu ndinakhala pa mpando m'nyumba ya mayi wina wa msinkhu wa amayi anga, mwana wa uja wa dzina la agogo. Tinalankhula Chizulu. Amayi ake anamwalira zaka zapitazo osadziwa tanthauzo la dzina lawo. Ankaganiza kuti wansembe analakwitsa polemba. Anandiuza kuti m'nyumba mwawo zoti umkhulu anali iNyasa zinkanenedwa monong'ona. Mu April 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa m'makomboni a Durban ndipo Amalawi ankagona m'misasa ku Chatsworth ndi ku Isipingo kudikira mabasi a boma la kwawo, iye ankaonera pa TV osauza ngakhale ana ake kuti magazi amenewo ali mwa iwo.

Pamenepo ndinaona chinthu chimene sindinkachiganizira. Ife timatsata kwa amayi. Bambo atachona, agogo anatsala ndi mudzi wawo, munda wawo, atsibweni awo ndi manda a makolo awo. Anasowa bambo, koma sanasowe kwawo. Azulu amatsata kwa abambo. Pa ukwati, pa maliro, popha mbuzi ya mizimu, amaitana makolo ndi izithakazelo, matamando a chiwongo cha bambo. Ana a munthu amene anabwereka chiwongo ankaitana makolo a eni ake, akudziwa mumtima kuti sakuwamva. Mayiyo anandifunsa kuti, "Ndiye ife ndife ayani?" Ndinamulembera pa pepala: Phiri, dzina la mudzi, dzina la mayi amene anabereka agogo ake, ndi tanthauzo la dzina la amayi ake. Analiwerenga mobwereza, lilime likukana pa zilembo zina, kenako analipinda naliika m'Baibulo.

Sindingaweruze kholo langa ndi mizere isanu ndi umodzi ya m'mabuku. Sindikudziwa ngati ankachita manyazi kubwerera chimanjamanja, ngati ankaopa kuti akatuluka sadzalowanso, kapena ngati moyo wa mkamwini, wolimira apongozi m'mudzi wa eni, unali umene ankauthawa. Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, koma mwambiwu suuza munthu chochita akakhala ndi kwawo kuwiri. Buku limalemba zimene munthu anachita pamaso pa mboni. Zimene ankaganiza usiku m'kachipinda ka ku Berea sililemba.

Agogo ndinawauza pa foni, amayi anga atawagwirira pakhutu. Ndinayamba ndi tsiku la imfa, chifukwa ndi limene ankalifuna. Za ukwati wachiwiri sanadabwe. Anangoti mwamuna sakhala zaka makumi awiri akudziphikira yekha. Za siginecha ndinanena, ndipo anakhala chete. Nditafika pa dzina, anandiuza kuti ndibwereze.

"Ndiye kuti ankandikumbukira," anatero, "kapena anapeza wondilowa m'malo?"

Ndinalibe yankho, ndipo iwo sanalidikire. Anafunsa ngati mnzawo wa dzinayo anali wamtali, ngati anali ndi mpata m'mano ngati iwo. Ndinati chithunzi chimene ndinaona pakhoma ku KwaMashu chikuonetsa mpatawo. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati ndikamuuze mwana wa m'bale wawoyo kuti mudzi wa agogo ake ulipo, mfumu yake ikudziwa dzinalo, ndipo akafuna kubwera abwere mvula itatha, msewu wa ku Golomoti ukakhala bwino ndi mpunga uli m'nkhokwe.