Mwala wonolera ku Dedza: lumo linapita, luso lilipo

Mukatsika minibasi pa boma la Dedza, chokulonjerani choyamba ndi mphepo yozizira. Phiri la Dedza, lotalika mamita 2,198, lili pompo, ndipo kulikonse kumene mungayang'ane ndi miyala yokhayokha. Alendo ambiri amathamangira ku Chongoni kukaona zojambula zakale zapamiyala, malo amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Koma ulipo mwala wina umene palibe amajambulitsapo selefi: wonolera uja wa kuseri kwa khitchini, wokumbika pakati chifukwa cha mipeni ndi zikwanje za zaka zambiri.

Kuno n'kwawo kwa kachewere, ndiye wokazinga tchipisi aliyense akuuzani kuti mpeni wobuntha umasenda ndi phindu lomwe. Miyala yokhakhala ya m'mapiri muno imathandiza. Ili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo, tomwe timachidya msanga. Kwa chikwanje kapena nkhwangwa, basi zatheka.

Lumo ndiye linali ndi nkhani ina. Malezala a m'golosale asanafale, anthu ankameta ndi lumo losulidwa, ndipo pa mwambo wometa maliro mitu imakhala yambiri. Lumo lonoledwa pa mwala wokhakhala wokha limatsala ndi timano tosaoneka, ndipo timanoto timazula tsitsi m'malo molidula. Ometedwayo misozi mbwee, osati ya maliro yokha ayi. N'chifukwa chake wonola waluso amamalizira pa mwala wosalala. Amaunyowetsa, n'kugoneka lumo lonse chafufumimba kuti msana ndi kukamwa zigunde mwala pamodzi, n'kumalikankha mopepuka, kutembenuza, kukankhanso. Madzi akayamba kuda ngati phala lopyapyala, osawatsuka. Phalalo ndi limene likusalaza chitsulo. Pomaliza amapukutira pa chikopa. Mayeso ake ndi ubweya wa pamkono: ukagwa osakoka, lapsa.

Mwina mukuti izi n'zachikale. Komatu ku Belgium, kufupi ndi tauni ya Vielsalm, akukumbabe mwala wachikasu wotchedwa coticule, ndipo ometa ndevu a m'mayiko ambiri amauitanitsa pa intaneti pa mtengo woti inu ndi ine tingagwire pakamwa. Ku Japan miyala ya m'mapiri a ku Kyoto nayo ndi chuma. Ife wathu timakhalira posenda mbatata.

Lumo la mudzi wonse lisabwerere, pamenepo tisanamizane. Chometera chimodzi pa mitu khumi ndi njira ya matenda oyenda m'magazi monga HIV, ndipo lezala la aliyense payekha linatipulumutsa ku zambiri. Chondidandaulitsa n'chakuti achinyamatafe mpeni ukabuntha timangoukwecha pa simenti ya pakhonde, ukatha tigula wina.

Kuti muone manja odziwa, tsikani msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti mpaka ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko kuli Kungoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Musangothera pa ziboliboli. Pemphani wosema akuonetseni mwala umene amanolera tchizulo, muone mmene amayesera kuthwa ndi chala chachikulu, modutsa chopingasa, osati motsata kukamwa. Mutenge mpeni wanu wa kukhitchini m'chikwama, mutaukulunga bwino m'nsalu.