Ulendo wa ku Dzalanyama

Tinanyamuka ku Lilongwe tambala woyamba atalira, mabanja anayi m'magalimoto awiri a Land Rover, aja okoka ndi mawilo onse anayi. Tinatenga khasu, nkhwangwa ndi chingwe, pakuti mvula ikatha njira za m'nkhalango ya Dzalanyama, kumalire a Mozambique, zimawirira, udzu kupitirira galimoto. Kawiri tinatitimira m'matope. Abambo anakumba, amayi nathyola nthambi zoika kunsi kwa mawilo, ana ali kuseka.

M'mapiri amenewa ndimo muli Kaphirintiwa, pamene makolo ankati anthu oyamba anasiya mapazi awo pathanthwe. Ifetu tinapeza mapazi ena. Tinayesa kuti tikapuma mumthunzi wa miombo ndi misuku, koma titakwera chitunda tinaona zitsa zokhazokha, utsi wa makala uli tolotolo. Boma linatumizako asilikali m'chaka cha 2015, koma nkhwangwa sizinaleke kulira. Tsono mtsinje wa Lilongwe, umene mzinda wonse umamwa, gwero lake lili momwemo.

Kamba wathu tinadyera pakamtsinje kena kozizira. Mwana wina anafunsa ngati madziwo ndi omwe aja a pampope wa kwathu. Tinati, "Inde mwanawe, ndi omwewo."