Ekita safa, tinkatero ku Ndirande

Mnzanga wina adandifunsa tsiku lina tikudikira minibasi pa Ginnery Corner, ati: "Aise, iwe umadzitcha wokonda mafilimu, tatchula atatu okha amene ungapite nawo kundende." Ndidaseka, koma tidakafika ku Limbe ndisanamuyankhe. Mayina sindidasowe ayi. Vuto linali loti filimu iliyonse imene inkabwera m'mutu inkabwera itabereka munthu kumsana: ina bambo anga, ina amayi, ina anzanga a ku Ndirande amene ena mwa iwo lero ali kumanda. Ndiye ndati ndimuyankhe pano, pamaso pa nonsenu, asadzati ndidathawa funso.

Ndidabadwa mu 1989. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999, koma kudera kwathu nyumba zokhala ndi TV unkaziwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Sinema yathu inali vidiyo shoo: chisakasa cha matabwa ndi makatoni, mabenchi asanu ndi limodzi, sikirini patebulo, deki pambali pake, ndi chisipika panja choitanira anthu ndi phokoso la mfuti ndi zibakera. Pakhomo pankakhala bolodi lolembedwa ndi choko: 10 koloko Rambo, 12 koloko Van Damme, 2 koloko Chuck Norris. Dzina lenileni la filimu panalibe wolifuna. Kulowa inali K2, ndalama imene tinkaipeza potola mabotolo kapena pobisa chenji ya matemba. Magetsi akazima ndewu ili pakati, mwini shoo ankalumbira kuti mawa tidzamaliza ulere, koma mawa likafika ati nkhope zathu sakuzikumbukira.

Chingerezi tinkangomva apo ndi apo, koma tinali ndi lamulo limodzi lotithandiza kutsata nkhani iliyonse: ekita safa. Amumenye, amumange, amuponye m'dzenje, amuwombere paphewa, adzadzuka basi. Mnzako wokhala pambali akayamba kuluma zala, unkangomugwira paphewa nkumuuza kuti, "Osaopa aise, ekita safa."

Filimu yanga yoyamba ndi Enter the Dragon ya 1973. Anzanga ankaikondera ndewu ya m'chipinda cha magalasi, pamene Bruce Lee akusaka Han, mkulu wa dzanja lachitsulo uja, nkumangoona zithunzi mbali zonse mpaka adaganiza zoswa magalasiwo. Ine changa ndi kachigawo kakang'ono koyambirira. Lee akuphunzitsa kamnyamata kuponya theche, kenaka akukafunsa mmene kamvera m'thupi. Kamnyamatako kati kaganize kaye, ndipo iye akukasasantha pamutu nkunena kuti, "Don't think, feel!" Ndiko kuti, leka zoganizaganiza, imva. Kenaka akukauza kuti zili ngati chala choloza mwezi: ukatanganidwa ndi chalacho, mwezi suuona. Mawu amenewa ndidadzawamvetsa ndili Fomu 3, ndipo mpaka lero ndikalemba ndakatulo yodzaza mawu akuluakulu koma yosanena kanthu, ndimadziwa kuti ndajambula chala, mwezi ndausiya.

Muli mawu enanso mufilimuyi. Chimunthu china dzina lake O'Hara chikuswa thabwa ndi chibakera pamaso pa Lee pofuna kumuopseza, Lee nkungoti, "Boards don't hit back." Matabwa sabwezera. Ndimawakumbukira mawuwa ndikaona wandale akutukwana pamsonkhano munthu amene palibe.

Chimene sitinkadziwa m'chisakasa muja nchoti Bruce Lee adamwalira pa 20 July 1973, ali ndi zaka 32, filimuyo isanayambe nkuonetsedwa komwe. Mnyamata wina wa kusekondale atatiuza, tidatsala pang'ono kumumenya. Lero ine ndamupitirira Bruce Lee zaka, chikhalirecho sinditha kuponya mwendo kufika patebulo.

Ndisanatchule yachiwiri, ndiyenera kunena za bambo anga. Ankagwira ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo ankapita pa njinga yawo yakuda ya Humber imene ankaipukuta Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi. Za vidiyo shoo sankafuna nkumva komwe. Loweruka lina adanditsata kuti akanditulutse ndi khutu. Adalowa, adaima kumbuyo kudikira kuti maso azolowere mdima, ndipo pasikirini panali The Terminator ya 1984. Adafika pamene Arnold Schwarzenegger akuuza wapolisi wa pakauntala kuti, "I'll be back," nkutuluka, kenaka nkubwereradi ndi galimoto mpaka m'kati mwa polisi. Bambo adaiwala chimene adadzera. Mwini shoo adawapatsa mpando wake, ndipo tidatuluka limodzi filimu itatha. Panjira adangoti, "Amako usawauze."

Adadziulula okha. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse akatulutsa njinga ankatembenuka pakhomo, nkukulitsa mawu: "Ayilo bi baki." Amayi ankati, "Inu bambo ake, tapitani mwachedwa, zachibwana basi." Koma ankaseka akalowa m'nyumba.

Mu July 2001 bambo adadwala masabata atatu, adagonekedwa kuchipatala, sadabwerenso. Ndinali ndi zaka 12.

Patangotha masiku ochepa titaika maliro, bambo aang'ono adabwera ndi abale ena awiri pa galimoto yamatola. Adalankhula mwaulemu ndithu. "Alamu, katunduyu ndi wa m'bale wathu, tikukamusunga kumudzi kuti asaonongeke." Adakweza bedi, mipando, wailesi ya makaseti, ngakhale makina osokera amene amayi adagula okha ndi ndalama ya mandasi. Pomaliza adakweza njinga. Ine ndidaigwira kukaliyala, bambo aang'ono nkundichotsa zala chimodzichimodzi, osakalipa nkomwe. Tidatsala ndi mphasa ziwiri, mapoto, ndi alongo anga awiri akulira pakhonde. Ndikuuzeni zoona, ndidaima pamsewu kudikira kuti wina atulukire pakona adzaimitse galimotoyo, monga zinkachitikira m'chisakasa muja. Anthu adangoyang'anira m'mawindo.

Apa mpamene ikulowera filimu yanga yachiwiri, Neria, ya ku Zimbabwe, yopangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Adaitsogolera ndi Godwin Mawuru, nkhani yake adaiyala ndi Tsitsi Dangarembga, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye Neria. Oliver Mtukudzi, amene adatisiya mu 2019, ali momwemo ngati mlongo wake wa Neria, ndipo nyimbo yomutonthoza imene amaimba ndi gitala mufilimuyi idatchuka kuposa filimu yomwe. Nkhani yake ndi iyi: Neria ndi mwamuna wake Patrick apeza katundu wawo limodzi m'tauni. Patrick afa pangozi yapamsewu, ndipo m'bale wake Phineas alowa pakhomo nkuyamba kutenga ndalama ndi katundu m'dzina la mwambo. Neria avutika mpaka mnzake amulangiza zokaonana ndi loya, nkhani ifika kukhothi, khothi limupatsa chake.

Tidaionera kwa aphunzitsi a nyumba yoyandikana nafe, Lamlungu lina masana chakumapeto kwa chaka chomwecho. Akazi awo adabwereka kasetiyo dala nkuitana amayi a Mvano anzawo, ndipo amayi anga adachita kuwakoka padzanja. Ana tidakhala pansi kutsogolo. Sindidaonepo anthu akuonera filimu chotero. Phineas akangotulukira, nyumba yonse inkawira: "Taonani mfiti iyo!" "Alibe manyazi!" Mayi wina adavula silipasi kufuna kugenda sikirini, aphunzitsi nkumugwira mkono kuti TV njangongole. Mwa amayi khumi amene anali m'nyumbamo, anayi anali amasiye, ndipo aliyense anali ndi Phineas wake.

Amayi anga okha sadalankhule. Adakhala pakona, chitenje chakuda kumutu, maso pasikirini. Khothi litagamula anthu adaimba nthungululu ngati paukwati. Phokoso litachepa, amayi adafunsa ndi mawu otsika, osayang'ana munthu:

"Kodi khothi lakelo, kuno kulibe?"

Ndaonera mafilimu mazanamazana, ndaloweza mawu a ma ekita ambiri, koma palibe amene amandibaya ngati amenewo. M'nyumba mudati zii. Kenaka aphunzitsi adati liliko, ndipo iwo adziwa poyambira.

Musaganize kuti zidatha ngati za Neria. Amayi adayenda pafupifupi zaka ziwiri ndi envulopu ya khaki yodzaza makalata, wapansi kuchoka ku Ndirande kupita m'tauni, nthawi ya njala ya 2002 imene anthu ankagona pamizere yogula chimanga. Pomaliza ndalama za kuntchito kwa bambo zidatuluka m'dzina la iwo ndi ife ana, ndipo ndi zimene zidandilipirira sekondale. Makina osokera adabwerera, atathyoka chopondera. Bedi, wailesi ndi njinga sitidazionenso. Koma ndimadzifunsa: kasetiyo akadapanda kubwerekedwa tsiku lija, kodi ine bwenzi ndikulemba m'nyuzi muno?

Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lamulolo lilipo ndithu. Koma pitani pamaliro alionse m'makwalala athu, muone maso a anthu ena mmene amayendera pa firiji ndi pa sofa nyimbo zili m'kati. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Yachitatu ndi yathu yomwe, The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene adapanga makina oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa atalephera kulipira fizi nthawi ya njala ija. Adaijambula konkuno, ndipo Chiwetel Ejiofor adaitsogolera nkusewera yekha ngati bambo a William. Ndikudziwa, ambiri mudaseka Chichewa chake, inenso ndidaseka. Lilime la mlendo limamveka, ndipo pena ndinkachita kuwerenga mawu a Chingerezi pansi kuti ndimve chinenero changa chomwe. Koma nkhope ya Lily Banda ndi yathu, fumbi lake ndi lathu, ndipo mizere ya anthu olimbirana chimanga ija ndidaimapo ine ndi thumba la amayi.

Chigawo chimene chidandigwetsa ndi cha njinga. William akupempha njinga ya bambo ake kuti aidule apangire makina ake. Bambowo akukana mwaukali, pakuti ndi chuma chokha chimene chatsala pakhomo, ndipo kwa iwo mwanayo akuchita masewera anthu akufa ndi njala. Pambuyo pake akulola, njinga ikudulidwa, madzi akutuluka m'chitsime kupita kumunda. Ndidaonera palaputopu usiku, mkazi wanga ali mtulo, ndipo pamenepo ndidaimitsa filimu nkutuluka panja. Zinali zitatha zaka 18, koma zala zanga zidakumbukira kaliyala uja. Sindikuti ndikadapanga makina a mphepo, ine ngakhale babu ndimaitanira munthu. Koma bambo anga akadakhala ndi mpata wosankha, njingayo akadapatsa ine.

Aise, atatu ako ndi amenewo. Ukandilola kuzembetsa yachinayi m'thumba, nditenga The Gods Must Be Crazy ya 1980, ija ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege ku Kalahari nkuyambanitsa mudzi wonse, mpaka Xi adanyamuka kukalitaya kumathero a dziko. Lero ndimaona mmene idajambulira anthu a ku Kalahari ngati ana osadziwa kanthu, ndipo zimandiwawa. Komabe Land Rover ija ikayamba kudzikoka yokha kukwera mumtengo, ndimaseka mpaka misozi, ndipo kundende munthu amafunika kuseka.

Masiku ano ana akuonera mafilimu pafoni, omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'misika amene amawonjezeramo nthabwala zawo, moti Mchaina wa lupanga amadandaula za mtengo wa feteleza. Zisakasa zambiri zimene zatsala zimadalira mpira wa ku England. Sindikudandaula, mbadwo uliwonse uli ndi bolodi lake la choko.

Chimene ndidachita ine mwezi wathawu nchakuti ndidakhala pansi nkulemba wilo, mboni ziwiri nkusainira. Chuma chake nchoseketsa: laputopu yothyoka kona, mabuku makatoni atatu, ndi kapuloti kamene sindinamalize kulipira. Mkazi wanga adati ndikuitana imfa. Ndidamuyankha kuti bambo anga sadalembe kanthu, koma imfa idawapeza. Inunso abambo anzanga amene mukuwerenga muli pabedi Loweruka lino, pepala ndi cholembera sizifika mtengo wa mabotolo awiri.

Pa Khirisimasi yapitayi amayi adandipempha kuti ndiwapezere Neria pafoni. Adavala magalasi awo, mdzukulu wawo wa zaka zisanu ali pamiyendo. Phineas atayamba kunyamula katundu, kamwanako kadachita mantha nkufunsa ngati mayiyo afe. Ndidatsegula pakamwa kuti ndinene lamulo lathu la ku Ndirande lija, koma amayi adandiyambirira.

"Khala chete uone," adatero. "Akupita kukhothi ameneyu."