Ndalama za Nyama Zipita Kuti?

Pa gombe la mtsinje wa Luangwa, kufupi ndi Mfuwe, pali malo ochedwa Nkwali, pamene anamanga msasa wa alendo odzaona nyama. Kutsidya kwace kuli nkhalango ya South Luangwa, imene Boma linaipatula m'caka ca 1938, nikhala National Park m'caka ca 1972. Koma tsidya lino ndi dziko la Akunda, dera la Lupande, kumene anthu ndi nyama akhala monga akazi a mitala, osakondana kwenikweni koma osatha kulekana. Njobvu siidziwa malire. Imaoloka madzulo, nidya cimanga ndi mapira a munthu wosauka, nibwerera mbandakuca. Ndipo lamulo la nyama la 1998, ngakhale la 2015 limene linalowa m'malo mwace, silinalonjeze kulipira mwini munda.

Mwana wokulira m'midzi imeneyi akafika ku sukulu ya sekondale amaphunzira za Boma ndi mbiri ya dziko. Aloweza kuti Boma liri ndi nthambi zitatu, alemba mayeso, napambana. Koma wina akamfunsa kuti ndalama zimene mlenje wa kunja walipira pakupha njati mu Lupande zapita kuti, angoyang'ana pansi. Ici ndi comvetsa cisoni, pakuti Boma limene limkhudza iye ndi amace liri pafupi, ulendo wa pa njinga cabe, koma iye adziwa la ku Lusaka lokha, lomwenso sanalione ndi maso.

Nchito zoturutsa ana m'kalasi si zacilendo ku Malambo. Kuli magulu a Chongololo, ndipo kulinso bungwe la Chipembele Wildlife Education Trust, limene Steve ndi Anna Tolan analiyamba, natsegula nyumba yace yophunzitsiramo m'caka ca 2001. Ana a m'magulu otere amabzala mitengo, amacenjeza anthu za misampha ya waya, nalowa m'nkhalango kukaona nyama zimene makolo ao amazidziwa ngati adani okha. Zonsezi nzabwino. Koma wophunzira za Boma ayenera kuonjezapo funso lina, la ndalama ndi la malamulo, limene ambiri amaliopa.

Funso limeneli liri ndi mbiri yace. M'caka ca 1950 Norman Carr anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule mbali ya dziko lao isungidwe, ndi kuti ndalama za alendo zizilowa m'thumba la ufumu wa Akunda. Pambuyo pace, pofika zaka za m'ma 1980, opha nyama mwakuba anatsiriza zipembere nacepetsa njobvu koopsa, ndipo Boma, mothandizidwa ndi dziko la Norway, linayamba nchito yochedwa Luangwa Integrated Resource Development Project. M'caka ca 1996 nchitoyo inacita cinthu cacikuru: mwa makwaca 100 alionse a gawo la anthu, 80 anayamba kupita ku magulu a m'midzi. Anthu anasonkhana, ndalama zinawerengedwa poyera, ndipo eni mudzi anakangana okha ngati azigawana pamanja kapena amange nyumba ya mphunzitsi ndi kukumba citsime. Ena anasankha mwanzeru, ena ai. Koma nkhalamba yosadziwa kulemba inadziwa mtengo wa njati. Lamulo la 1998 linabweretsa mabungwe ochedwa Community Resources Board m'dziko la mfumu iriyonse, ndipo m'zaka zotsatira anapangana kuti mwa makwaca 100 olipirira nyama zophedwa ndi alenje, 45 azipita ku bungwe, 5 kwa mfumu, ndi 50 ku olamulira nyama a Boma.

Tsono kalasi limodzi lingathe kudzisankhira nchito yotere. M'nyengo ya dzinja ana agawane midzi, ayendere minda imene njobvu zaononga, aipime ndi mapazi ao, nalembe m'buku tsiku, mbeu, ndi ukulu wa malo oonongeka. Alembenso ngati mundawo unali ndi mpanda wa tsabola kapena unalibe, ndi ngati mwini wace anagona pa nsanja. Pambuyo pace apite kwa mlembi wa bungwe kukafunsa zimene zinalandiridwa caka cimeneco ndi zimene zinagulidwa nazo. Akatero adzakhala ndi ziwerengero ziwiri zoyang'anana, za cotayika ndi za colandiridwa, zimene kawiri kawiri sizipezeka pa pepala limodzi. Munthu wozolowera nchito za m'maofesi adziwa kuti dandaulo la pakamwa liuluka ndi mphepo, koma pepala lokhala ndi masiku ndi ziwerengero limabvuta kulitaya, pakuti wina adzalifunsanso.

Comweco ndi ndalama zacitukuko za m'dera la phungu. M'caka ca 2022 Boma linazikweza kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse, ndipo dera la Malambo liri m'gulu lomwelo. Zopempha zimayambira ku komiti ya wadi, kumene ophunzira angathe kukakhala kumbuyo ndi kumvetsera. M'caka ca 2023 kunabweranso lamulo lopatsa mzika ufulu wopempha kuona zolembedwa za Boma.

Koma pali cobvuta cimene buku silinena. Msungi wa cuma wa bungwe angakhale malume wace wa wophunzirayo, ndipo pakati pa Akunda malume si munthu womuloza cala. Mwana wofika ndi pensulo m'manja, nafunsa ali ciriri ngati wapolisi, adzabwerera wopanda kanthu, ndipo amace adzamva mau madzulo omwewo. Mphunzitsi wanzeru ayamba wapita yekha kwa nyakwawa ndi kwa amfumu kukapempha njira. Anawo akafika akhale pansi, aombe m'manja, nanene kuti, "Ambuya, tabwera kudzaphunzira, mutiuzeko m'mene munagawira ndalama caka cija." Akulu ambiri amakondwa kufunsidwa cotero, cifukwa palibe anawafunsapo, ndipo iwo omwe ndiwo amanena kuti safunsa anadya phula. Enanso adzakana ndithu, ndipo kukana kwao kulembedwe m'buku mopanda mwano, pamodzi ndi tsiku lace.

Wophunzira mbiri asazengereze. Amene anali ndi zaka 40 pa misonkhano ya 1996 tsopano ndi nkhalamba, ndipo amene anaona cipembere cikumwa madzi pa Luangwa atsala owerengeka. Mau ao alembedwe m'cilankhulo comwe anenera, Cikunda kapena Cinyanja, osayamba kuwatembenuzira m'Cingelezi. Buku limodzi likhale m'kabati ya sukulu, lina liperekedwe ku bungwe, ndipo kalasi la caka camawa likapimenso minda yomweyo mvula ikadzagwa.