Bwato la mtondo kwa Kasisi

Mmisiriyo ndinayamba kumumva ndisanamuone. Kuseri kwa bango kunkamveka go! go! go! kulira kwa nkhwangwa. Nditatsetsereka kanjira ka ng'ombe kopita ku Shire, ndinapeza chipika cha mtondo chitagona pamthunzi, bambo wachikulire ataimirira m'kati mwake, tizibenthu tili mbwee mpaka m'maondo.

"Wawa, agogo."

"Fikani, mwanawe. Khalani uko, nkhwangwa ilibe maso."

Palibe tepi, palibe msomali. Amayamba ndi kukungula makungwa, n'kusalaza pamwamba, kenaka kulemba mizere ndi khala. Nkhwangwa ndiyo imaboola mimba ya bwato, koma ntchito yeniyeni ndi ya kasemasema. Agogowo ankasema pang'ono n'kuleka, n'kugogoda m'mbali ndi chala, khutu lili tcheru. Nthawi zina ankaika chikhato china kunja, china m'kati, kuyesa kuchindikala kwa khoma. Pansi amasiya pochindikala chifukwa ndi pamene pamakhula mchenga ndi miyala. Ukapepuza mbali imodzi, bwato limapendekeka, ndipo mumtsinje wa ng'ona ndi mvuu kupendekeka n'kufa. Akaweruka amafunditsa chipikacho masamba kuti dzuwa la kuchigwa lisaching'ambe.

Dera lino linatenga dzina kwa Ramakukan, wotchedwanso Kasisi, mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone. Kumtunda kwake kuli mathithi a Kapichira, omwe mu 1859 anatsekereza sitima ya Livingstone. Sitima ija inapita kalekale. Bwato ndi limene likuolotsabe alimi a kumadimba ndi asodzi, ndipo madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe Ana mu 2022, anthu amakuwira mwini bwato.

Chimene chinandiwawa n'chimene ndinaona padooko: mabwato okalamba, ozigikazigika ndi zidutswa za malata ndi mapulasitiki, mwana akukapa madzi ndi chigubu chodula. Ndinawafunsa agogo aja chifukwa chake eniake sakusemetsa atsopano.

"Ndiseme chiyani? Mtondo ndi mvunguti zazikulu zinatha. Chipika ichi ndachifunafuna nyengo yaitali."

Mitengo ikuluikulu yambiri imene yatsala ili m'kati mwa mpanda wa nkhalango yotetezedwa ya Majete, ndipo ndi bwino ikhale momwemo. Ya kumudzi tinaiotcha makala tokha. Inu mafumu ndi anthu a kwa Kasisi, mvula ikagwa chaka chino bzalani mtondo ndi mvunguti m'minda ndi m'mbali mwa Shire, ndipo anyamata akhale pafupi ndi agogowa kasemasema akadali m'manja mwawo.